Mwana wanga wakakamira Altezza: ndimugulire?

Funso

Ndine mlimi wa mbatatesi ndi fodya kuno ku Ulongwe, m'boma la Angónia. Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 17, akwanitsa 18 mu Malichi. Wamaliza kalasi 12 ndipo akupita kukapitiriza maphunziro mumzinda wa Tete. Ndinamulonjeza galimoto akakhoza mayeso, ndipo ndasunga mameticais 400,000. Iye wakakamira Altezza imene mkulu wa mnzake akugulitsa: yotsitsidwa pansi, ya marimu aakulu, ekizozi yaphokoso, nambala yake ya ku Malawi. Akuti Vitz ndi Corolla n'za madala. Ndimugulire? Ngati ayi, ndigule yanji?

Yankho

Bambo, Altezza imeneyo isiyeni. Lonjezo lanu lisungeni, galimoto mumugulire, koma osati iyo, ndipo osati mwezi uno. Ndiyamba ndi chimene chingakudyereni ndalama zonse tsiku limodzi, mnyamatayo asanaponde n'komwe moto.

Galimoto ya nambala ya ku Malawi ikamalowa pa Calomue kapena pa Zobwe imapatsidwa chilolezo cha masiku owerengeka, ndipo masikuwo akatha iyenera kubwerera kwawo. Kuigulitsa kuno isanalipiridwe msonkho ku Alfândega, ofesi ya msonkho wa pachipata, n'kulakwira lamulo, ndipo ikagwidwa amailanda m'manja mwa amene ali nayo, ndiye inuyo, osati amene anakugulitsani. Kuti ikhale ya kuno pamafunika despachante (wokonza mapepala a ku Alfândega), msonkho wa pachipata, msonkho wa ICE umene umakwera injini ikakhala yaikulu, msonkho wa IVA wa 16 peresenti, kenako nambala yatsopano yothera ndi TT. Mtengo umene mwamvawo ulibe zonsezi, n'chifukwa chake ukukoma m'khutu. M'misewu ya m'midzi ya ku Domwe galimoto yotere ikhoza kuyenda miyezi popanda woifunsa, koma mnyamata wanu azidzayenda pa N304 ndi N7, pamene apolisi amaimitsa kangapo ulendo umodzi.

Kenako pali zaka. Carta, chiphaso choyendetsera magalimoto ang'onoang'ono, gulu B, imaperekedwa kwa amene wakwanitsa zaka 18, atadutsa kusukulu yoyendetsa galimoto ndi kukhoza mayeso olemba ndi a pamsewu a INATRO, bungwe la boma lopereka macarta. Pa zaka 16 lamulo limangolola njinga yamoto yaing'ono, yosapitirira 125cc. Galimoto ikafika pakhomo Malichi asanakwane, musadzinamize kuti makiyi adzakhala m'thumba mwanu. Adzaitulutsa inu muli kudimba. Akagunda munthu alibe carta, seguro, inshuwaransi ya galimoto, sidzakuimirirani: kampani ikhoza kulipira wovulalayo kenako n'kubwera kwa inu kudzafuna ndalama zake. Ayambe sukulu, atenge carta, galimoto ibwere pambuyo.

Tsono tiyerekeze kuti mapepala onse ali bwino ndipo carta ali nayo. Ndikadakanabe, ndipo apa ndikufuna mumvetse bwino, chifukwa mnyamatayo adzakutsutsani ndi mfundo zimene wamva kwa anzake.

Altezza inapangidwa kuyambira 1998 mpaka 2005, ndiye ngakhale yomaliza kutuluka m'fakitale ndi ya zaka za m'ma 20. Yodziwika kuno ili mitundu iwiri. AS200 ili ndi injini ya 1G-FE ya masilinda 6, mphamvu za akavalo 160. RS200, imene anyamata amailakalaka, ili ndi 3S-GE ya masilinda 4, akavalo 210 ikakhala ya giya ya pamanja. Corolla ya 1500cc ili ndi akavalo pafupifupi 110, Vitz ya 1000cc pafupifupi 70. Koma nkhani si akavalo okha. Altezza, Mark X ndi BMW zimakankhidwa ndi matayala a kumbuyo, pamene Corolla ndi Vitz zimakokedwa ndi a kutsogolo, ndipo kusiyana kwake kumaonekera pakona yonyowa kapena ya miyala. Galimoto yokokedwa kutsogolo ukalowa nayo pakona mothamanga, mphuno yake imakana kukhota n'kumapita chowongoka; dalaivala wamantha amachotsa phazi pamoto, ndipo kuchotsa phaziko n'komwe kumaibwezera mumsewu. Yokankhidwa kumbuyo ukaiponda moto pakona, matayala a kumbuyo amapota, kumbuyo kwake n'kuterereka kutulukira m'mbali. Pamenepo pamafunika kupotoza chiwongolero kumbali imene kumbuyoko kukulowera, mwamsanga komanso mwa muyezo, kenako kuchibweza nthawi isanapitirire. Wophunzira amachita zosiyana. Amaponda mabuleki ndi mphamvu zonse kapena kupotoza mopyola, galimoto n'kuzungulira n'kulowa mbali ya magalimoto obwera, kapena kugwira m'mphepete n'kugubuduka. Magalimoto atsopano ali ndi kompyuta imene imagwira tayala limodzilimodzi kuti zoterezi zisachitike. Altezza zambiri zilibe.

Pamwamba pake pali liwiro. Munthu watcheru amatenga pafupifupi sekondi imodzi kuchokera pamene waona mbuzi mumsewu kufika pamene phazi lagwira buleki. Pa makilomita 60 pa ola, m'sekondi imeneyo galimoto yayenda kale mamita 17, ndipo mabuleki abwino pa phula louma amafuna mamita enanso 20. Onse pamodzi 37. Pa 120, sekondi yomweyo ndi mamita 33, mabuleki mamita 80, onse pamodzi oposa 110. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wa mabuleki umawirikiza kanayi. Pamsewu wa dothi, kapena chizimalupsa chikangonyowetsa fumbi la paphula, mtunda umenewo umatalikanso kwambiri. Lamulo limati 60 m'matauni ndi m'malo okhala anthu, 120 kunja, koma 120 imeneyo ndi ya msewu wabwino wopanda kanthu. N7 kuchokera ku Moatize kukwera ku Zobwe ndi msewu wa malole a ku Beira opita ku Malawi, ngolo zopanda nyale, njinga zonyamula makala, ana a sukulu ndi mbuzi. Corolla imafikanso 120, n'zoona, koma imafika ikulira, dalaivala akumva m'thupi kuti wathamanga. Altezza imafika pamenepo phazi lisanafike pansi, ndipo imamunyenga mnyamata kuti lole ili patsogoloyo aipitirira kona isanafike.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limati ngozi za pamsewu ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29, kuposa matenda alionse. Ku America, kumene amawerenga zinthuzi mosamala, madalaivala a zaka 16 mpaka 19 amachita ngozi zakupha pafupifupi katatu kuposa a zaka 20 kupita m'mwamba, pa mtunda wofanana. Manja awo ndi achangu ndithu. Maso ndiwo sanaphunzire kuona ngozi ikadali patali, ndipo anzawo akadzaza m'galimoto zinthu zimaipiraipira. Mwana wanu akhoza kunena kuti galimoto yolemera imateteza bwino kuposa Vitz zikagundana, ndipo pamenepo akunena zoona. N'chifukwa chake sindikuikani pa kagalimoto kakang'ono koposa tonse. Koma chitsulo cha Altezza sichingalimbane ndi lole ya matani 30, ndipo sichiteteza wapanjinga amene wagundidwa.

Za kutsitsidwako. Altezza imachoka ku fakitale ili kale pansi, mimba yake masentimita 13 kapena 14 kuchokera pamsewu, pamene Corolla ili pa 16. Ambiri kuno satsitsa ndi masipiling'i opangidwira zimenezo, amangodula omwe alipo ndi galayinda. Sipiling'i yodulidwa sikhazikika pamalo pake ndipo ikhoza kusuntha galimoto ikadumpha dzenje. Mashoko amagwira ntchito atapanikizika kale n'kutha msanga. Matayala amadyeka m'kati mokhamokha, kunja akuoneka atsopano. Galimoto yotere ikanyamula anyamata anayi ndi thumba la mbatatesi, mwala umodzi wa msewu wa ku Tsangano umaboola sampu. Oyilo amatha m'mphindi zochepa, kanyale kofiira kamayaka, ndipo dalaivala wosadziwa tanthauzo lake akayenda kilomita inanso imodzi, injini yagwira. Matayala ake ndi 215/45R17. Nambala ya 45 ikutanthauza kuti khoma la m'mbali ndi lalifupi, losakwana masentimita 10, ndiye dzenje limodzi limapinda rimu ndi kutupitsa tayala. Saizi imeneyi ku Ulongwe mudzaifuna mpaka kutopa, kapena mudzaipeza yakale yotha, pamene 175/70R14 ya Corolla sisowa. Ekizozi yaphokoso nthawi zambiri imatanthauza kuti catalisador, yosefa utsi m'ekizozi, anaichotsa n'kuigulitsa, koma chachikulu n'chakuti ikukuuzani mbiri ya galimotoyo. Munthu wodula masipiling'i ndi kuboola ekizozi sakhala woyendetsa mofatsa. Kilachi, difu ndi injini zaona zambiri. Injini zonse ziwiri za Altezza zimayendera lamba wa taimingi amene amasinthidwa pa makilomita 100,000 alionse, ndipo akaduka injini ikuthamanga, mavavu amagundana ndi mapisitoni. Funsani wogulitsayo kuti anasintha liti, muone ngati adzayankhe.

Mukamukaniza Altezza adzatchula Mark X. Imeneyo ndi galimoto yabwino ya munthu wamkulu wa malipiro a pamwezi. Injini yake, 4GR-FSE ya 2500cc, imapopera petulo molunjika m'masilinda ndi pampu ya mphamvu kwambiri, ndipo pampuyo ndi mainjekita ake sizigwirizana ndi petulo wa m'mabotolo wogulitsidwa m'mbali mwa msewu. Pa sevisi imafuna oyilo malita oposa 6 ndi mapulagi 6, pamene Corolla imafuna malita 3.7 ndi mapulagi 4. Golf GTI, BMW ndi Subaru ya turbo ndisatayepo nthawi: zikafa ku Angónia, masipeya amachokera ku Beira, ku Maputo kapena ku South Africa, galimoto ili pa miyala kuseri kwa nyumba.

Werengani ndi petulo yemwe. Kuchokera ku Ulongwe kufika ku Tete ndi makilomita pafupifupi 230, kupita ndi kubwera 460. Corolla yosamalidwa imayenda makilomita 13 kapena kuposerapo pa lita, ndiye malita 35. Altezza kapena Mark X m'manja mwa mnyamata ikapereka 9 pa lita mwachita mwayi, ndiye malita 51. Malita 16 osiyanawo chulukitsani ndi mtengo wa pa bomba lero, ulendo uliwonse, ndipo kumbukirani kuti mwana wa sukulu salandira malipiro. Wothira petulo ndinu.

Ndiye mugule yanji? Ine ndikuti Corolla ya 1500cc ya chesisi ya NZE121, kapena abale ake a injini yomweyo ya 1NZ-FE: Runx, Allex, Fielder, Spacio, IST. Injini imeneyi ili ndi tcheni m'malo mwa lamba, ndipo tchenicho chimakhalitsa oyilo akamasinthidwa pa nthawi yake. Giyabokosi yake ya otomatiki ya magiya 4 ndi yolimba. Makaniko aliyense wa ku Ulongwe, ku Moatize, ngakhale kutsidya ku Dedza, anaitsegulapo, ndipo masipeya ake, atsopano ndi ochotsa ku magalimoto ena, sasowa. Ngati mukufuna kumunyengerera mnyamatayo, muonetseni Runx kapena Allex, pakuti ndi Corolla yomweyo yofupika kumbuyo, yooneka yachinyamata. Koma samalani, ilipo Runx Z ya 1800cc ya injini ya 2ZZ-GE, ya akavalo 190, ndipo mwana wanu akuidziwa bwino kuposa inu. Pa Runx kapena Allex onani nambala ya chesisi: iyambe ndi NZE, osati ZZE123.

Vitz ndi yabwino ngati izikhala mumzinda, kuwoloka mlatho wa Samora Machel kupita ku Matundo n'kubwerera. Mukatenga imeneyo, tengani ya 1300cc. Ya 1000cc ikanyamula anthu anayi imavutika pa zitunda zokwera ku Angónia, ndipo popitirira lole imakhalitsa mbali ya eni ake. Zambiri za kuyambira 2005 zili ndi giyabokosi ya CVT, mtundu wina wa otomatiki, imene imafuna oyilo wakewake. Akathiramo wamba wa otomatiki imawonongeka, ndipo okonza CVT ndi ochepa. Honda Fit yakale nayonso ndi ya CVT, yodziwika ndi kunjenjemera ponyamuka, ndipo ya 1300cc ili ndi mapulagi 8, anayi obisika kumbuyo amene ambiri sawasintha. Probox ndi yolimba kwambiri ndipo ingakuthandizeni kunyamula matumba, koma ikakhala yopanda katundu kumbuyo kwake kumadumpha pamsewu wa mabampu, ndipo mwana adzati mwadzigulira nokha galimoto ya ntchito. Adzakhala akunena zoona.

Pa mameticais 400,000 amenewo, galimoto yokha isadye oposa 280,000. Otsalawo ali kale ndi eni ake: sukulu ya carta, kusintha umwini, seguro, inspecção (kuyezetsa galimoto), manifesto (msonkho wa galimoto wa pachaka), sevisi yoyamba, ndipo pafupifupi nthawi zonse matayala. Zotsala pamenepo musungire chinthu chimene chidzafe m'miyezi itatu yoyamba, chifukwa pa galimoto ya zaka 15 kapena 20 chilipo ndithu. Mitengo imasiyana pakati pa Tete, Beira ndi Maputo, choncho onani magalimoto atatu kapena anayi a mtundu umodzi musanatchule ndalama zimene muli nazo. Ngati 280,000 sikupeza Corolla yabwino, tsikirani ku Vitz kapena IST yabwino, kapena dikirani msika wa fodya wotsatira, koma musadye ndalama za matayala. Ogulitsa pa Facebook amene amati mutumize kaye pa M-Pesa kapena e-Mola kuti akusungireni galimoto, musawatumizire ngakhale metical imodzi musanaigwire ndi manja.

Tsiku lokaona galimoto mupite ndi makaniko wanu, wolipidwa ndi inu, osati amene wogulitsa wabwera naye. Pitani m'mawa ndipo muuziretu wogulitsayo kuti asailize. Mukafika gwirani injini ndi dzanja. Ikakhala yofunda, dziwani kuti pali phokoso kapena utsi umene safuna muuone ikamalira yozizira. Isanalire, tsegulani chitsekerero cha oyilo muyang'ane kunsi kwake. Zoyera zonata zikusonyeza kuti madzi akusakanikirana ndi oyilo, ndipo nthawi zambiri ndi gasiketi ya pamutu yapsa. Matope akuda olimba akusonyeza kuti oyilo sankasinthidwa. Tsegulaninso radiyeta ikadali yozizira: mukhale madzi ofiira kapena obiriwira oyera bwino, osati dzimbiri. Lizani injini radiyeta ili yotsegula, ndipo thovu likamatuluka mosalekeza, tsazikani mubwerere kwanu.

Potembenuza kiyi, injini isanalire, yang'anani tinyale ta pa dashibodi. Ka injini, ka oyilo, ka ABS ndi ka airbag tiyenera kuyaka tonse, kenako n'kuzima. Kanyale kosayaka n'komwe ndiko koopsa, chifukwa alipo amene amachotsa babu kapena kumata tepi yakuda kuti vuto lisaoneke. Wina aime kumbuyo aone utsi. Wabuluu ndi oyilo akupsa m'masilinda. Woyera wochuluka wosaleka injini itatentha ndi madzi. Wakuda ndi petulo wosapsa bwino. Kautsi koyera ka m'mawa wa mu Juni ku Angónia kamatha pakapita mphindi zochepa, kameneko musaope. Kenako isiyeni ilire poima mphindi 15, AC itazimitsidwa. Singano ya kutentha ikhale pakati, fani iyake yokha injini ikatentha n'kuzimanso. Mukatero yatsani AC, singanoyo isasunthe. Mfundo imeneyi ndi yaikulu kwa inu, chifukwa galimotoyi izidzachoka kozizira kupita mumzinda umene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Fani yolumikizidwa kuti izingozungulira kiyi akangotembenuzidwa, kapena thermostat yochotsedwa, zimasonyeza kuti galimotoyo inatenthapo ndipo wina anabisa vuto m'malo molikonza.

Thupi lake muliyang'ane padzuwa, litauma, chifukwa chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo galimoto yongotsukidwa kumene imabisa zambiri. Mipata ya pakati pa boneti, zitseko ndi mafenda ikhale yofanana mbali zonse ziwiri. Penti wogwera pa mphira wa mawindo akutanthauza kuti inapentedwanso. Kamaginito kokulunga m'kansalu kamamata pachitsulo koma sikamata pamene anapaka fila wambiri. Chotsani tayala la sipeya muone pansi pa buti: pakakhala makwinya kapena powotcherera, inagundidwa kumbuyo mwamphamvu. Pa tayala lililonse pali manambala anayi kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT. 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 ya 2019. Tayala lopitirira zaka 6, ngakhale mizere yake ikuoneka, musalikhulupirire pa phula lotentha la ku Tete.

Muyende nayo makilomita osachepera 15, wailesi itazimitsidwa, paphula ndi pa dothi pomwe. Pindani chiwongolero mpaka kumapeto n'kuzungulira pang'onopang'ono. Phokoso la ka-ka-ka ndi CV joint yatha. Pamalo opanda anthu, pa 60, pondani mabuleki mwamphamvu: isakokere mbali, ndipo phazi limve ABS ikugunda. Otomatiki isinthe magiya popanda kugogoda, ndipo injini isalire yokha liwiro lisakukwera. Oyilo wa giyabokosi akhale wofiira, wosanunkha kupsa. Makilomita a pa dashibodi musawakhulupirire okha, amabwezedwa. Yerekezani ndi kutha kwa mphira wa pa buleki, chiwongolero ndi mpando wa dalaivala, ndipo fufuzani timapepala ta sevisi ta ku Japan tomatidwa pakhomo la dalaivala kapena m'kati mwa boneti.

Mapepala muwaone musanakambe mtengo. Nambala ya chesisi yodindidwa pachitsulo kuseri kwa injini ifanane, chilembo ndi chilembo, ndi ya pa kachitsulo ka fakitale ndi ya mu livrete, chikalata cha galimotoyo. Yendetsani chala mozungulira nambalayo. Pakakhala popalidwa, powotcherera kapena penti watsopano, chokanipo, pakuti magalimoto obedwa ku South Africa amalowa m'dziko muno ndi manambala osinthidwa. Dzina la pa título de propriedade, chikalata cha umwini, lifanane ndi la pa BI, chitupa, cha amene akukugulitsani. Mawu akuti "mwini wake ndi achimwene ali ku Maputo, mapepala abwera" atayitsa anthu ambiri ndalama. Lembani pangano la kugula, kusaina kwake kutsimikizidwe kwa notário, ndipo yambani kusintha umwini sabata yomweyo. Lembetsani m'dzina lanu, osati la mwana, kuti asadzaisinthanitse inu osadziwa, ndipo a seguro muwauze poyera kuti woyendetsa ndi wa zaka 18 wa carta yatsopano. Dziwaninso kuti seguro yokakamizidwa ndi lamulo imalipira anthu ena okha, amene avulazidwa kapena kuwonongeredwa katundu. Galimoto yanuyo ikaphwanyika, kukonza n'kwanu.

Ikafika pakhomo, mawu akuti "yangochoka ku sevisi" muwaiwale. Sinthani oyilo ndi fyuluta yake, 5W-30, kapena 10W-40 ngati injini yayenda kwambiri, fyuluta ya mpweya, mapulagi, ndi oyilo wa mabuleki, amene amayamwa chinyezi ndipo amafunika kusinthidwa zaka ziwiri zilizonse. M'radiyeta muthire coolant weniweni, osati madzi a pachitsime amene amadzaza dzimbiri. Oyilo wa giyabokosi akhale wa mtundu wolembedwa pa kachitsulo koyezera, umene pa Corolla imeneyi ndi T-IV. Pa fumbi lathuli oyilo wa injini asinthidwe pa makilomita 5,000 alionse. M'buti mukhale matriângulo awiri, colete yowala, jeke, sipanala ya mawilo ndi sipeya ya mpweya. Ziwiri zoyambazo apolisi amazifunsa.

Mnyamatayo musamuuze kuti za Altezza zatheratu mpaka kalekale. Muuzeni kuti akadzayenda zaka zitatu osagunda, ali ndi malipiro ake othira petulo ndi kugula matayala a 17, adzagule yekha yosadulidwa masipiling'i. Ambiri akafika pamenepo amakhala atasintha maganizo, koma zimenezo musamuuze.

Kwatsala chaka choyamba, ndipo chimenechi ndi ntchito yanu, osati ya makaniko. Carta imangosonyeza kuti wakhoza mayeso. Kumadera ena a Australia wophunzira amayenera kuyendetsa maola 120 ali ndi munthu wamkulu pambali, 20 mwa iwo usiku, asanaloledwe kuyenda yekha. Zimenezi mukhoza kuzifuna inu nokha pakhomo panu. Maulendo oyamba a ku Tete muziyenda naye inu, kapena amalume ake amene ali ndi carta, iye ali pachiwongolero. Aphunzire kutsika zitunda ndi giya: pa otomatiki adine kabatani ka O/D OFF kapena aike pa 2, chifukwa mabuleki opondedwa mosalekeza amatentha n'kusiya kugwira. Aphunzirenso kuti matayala a kumanzere akagwera m'mphepete mwa phula, asapotoze mwadzidzidzi. Achotse phazi pamoto, agwire chiwongolero chowongoka, liwiro litsike, ndiyeno abwerere pang'onopang'ono. Magalimoto ambiri amagubuduka pamenepa, chifukwa tayala likakwera phula mwadzidzidzi chiwongolero chitapotozedwa, galimoto imathamangira mbali inayo. Lole asaipitirire pokhapokha akuona msewu wonse kutsogolo, ndipo dalaivala wa lole akayatsa chizindikiro chomuuza kuti adutse, akhulupirirebe maso ake.

Miyezi 6 yoyamba asayende pa N7 usiku, ndipo asanyamule anzake oposa mmodzi. Lamba amange aliyense, wakumbuyo yemwe. WHO imati kwa okhala kutsogolo lamba amachepetsa imfa mpaka ndi theka. Foni ikhale m'thumba. Masipiling'i, ekizozi ndi marimu asakhudze. Akayendetsa atamwa, ngakhale botolo limodzi, makiyi abwerere kwa inu. Koma mumuuzenso momveka kuti akadzamwa kapena kutopa, aimbe foni agone komweko, ndipo usiku umenewo simudzamukalipira. Mwana woopa bambo ake amayendetsa ataledzera kuti afike kunyumba asanadziwike.

Musanagule, fufuzaninso kumene akakhale ku Tete. Ngati pakhomopo palibe mpanda, magalasi a m'mbali ndi batire sizikhalitsa, ndipo kulipira malo ogoneka galimoto ndi ndalama ina ya pamwezi. Wophunzira wa galimoto amasanduka shapa, minibasi, ya anzake onse, makamaka Lachisanu usiku, inu muli makilomita 230 kutali. Ngati sukulu yake ili pa njira ya shapa, semesita yoyamba galimoto ikhale ku Ulongwe, aziyendetsa pa tchuthi inu muli pambali, ndipo muitumize ku Tete mukaona nokha mmene amatsikira zitunda ndi mmene amadikirira kumbuyo kwa lole.